Mboni ya Nsomba-njovu

Kanyamako kukula kwake kanali ngati bokosi la machesi, koma kanadya zaka khumi ndi chimodzi za moyo wa Ran Bihua. Mutu kanalibe, mchira kanalibe, ngakhale munga umodzi wolasa m'kamwa. Kanakulira m'thanki yachitsulo pansanjika yachitatu ya labu, ndipo kwa miyezi isanu ndi inayi Bihua anakalera kuposa mmene analerera banja lake, limene linatha iye ali kalikiliki kuyeza kutentha kwa thankiyo. Lero, Lachitatu m'mawa, kanali pambale yoyera m'khitchini ya labuyo, kakudikira pakamwa pa munthu mmodzi yekha padziko lonse. Munthuyo anali bambo ake, ndipo anali atachedwa kale ndi mphindi makumi anayi.

Nsomba yake inali baixun, imene anthu a m'maboti ankaitchula kuti nsomba-njovu chifukwa cha chimphuno chake chachitali. Mumtsinje wa Yangtze inatha psiti. Mbedza, maukonde ndi madamu zinaichitira upo, ndipo panadutsa zaka zoposa makumi awiri popanda woionanso. Chinatsala n'chikopa chouma m'dirowa ya nyumba yosungira zinthu zakale. Bihua anapala chikopacho, n'kutolamo tizidutswa ta DNA, malangizo aja amene thupi limatsata podzimanga, n'kutilowetsa m'maselo a nsomba ina yachibale imene ikadalipo. Pakamwa n'zosavuta zimenezi. Kuchita kwake ndiye kunamumeretsa imvi asanakwanitse zaka makumi anayi ndi zisanu.

Tsono eni kampani anali atatopa nazo. A Tu, oyang'anira labu, anamuuza mosapsatira mawu.

"Dokotala Ran, Lachisanu akuluakulu akhala pansi. Akufuna pepala limodzi basi, lakuti munthu amene anadyapo nsomba-njovu walawa nyama yanuyi ndipo wavomera kuti ndi yomweyo. Popanda pepalalo, iwo akuti mwangolera nsomba wamba m'mphika wodula. Athimitsa mathanki anu onse, inu mutsikira pansanjika yachiwiri kukapanga nkhuku ya masoseji ngati anzanu."

Mboni anaifuna, asaname munthu. Anayenda m'matauni a m'mbali mwa mtsinje, m'nyumba zosamalira okalamba, kufunsa asodzi akale. Ena anapeza atagona kalekale kumanda, ena mitu itasokonekera moti ankamutcha dzina la akazi awo. Wamutu wabwinobwino anatsala mmodzi, a Ran Degui, bambo ake omubala, a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu.

Ndipo ndani sankadziwa kuti a Degui anadyapo nsomba-njovu? Paukwati ankainena, pamaliro ankainena, m'basi ankainena kwa munthu woti angokumana naye. Zaka makumi asanu zapitazo, iwo ndi akulu awo a Defu anakola chinsomba chotalika kuposa boti lawo. "Nyama yake," ankatero atatsinzina, "ukaiika palilime imasungunuka yokha, mano umangowasunga. Mpunga umauiwala. Masiku atatu ndinkanyambitabe milomo." Bihua anakula akumeza malovu ndi nkhani imeneyi, ali m'kaboti kawo akudya mpunga ndi masamba amchere. Ndi nkhani yomweyi imene inamutengera kusukulu, n'kumusiya m'labu.

Ndiye munthu ungaganize kuti madalawo akanathamanga atamva kuti nsomba yawo yabwera. Kuti? Ulendo woyamba anati dzino likuwawa. Ulendo wachiwiri anati ndi tsiku lakhumi ndi chisanu la mwezi, tsiku limene malemu akazi awo sankadya nyama, ndiye sangawanyoze. Munthu woti akaziwo ali moyo ankadya nkhumba tsiku lomwelo akuwaseka! Kawiri konse Bihua anasiya nyama ija m'thanki, mtima ukuwira. Lero anali ataichotsa, ndipo nyama yochotsedwa sibwereranso.

A Degui analowa mwapang'onopang'ono, atavala jekete lawo labuluu, botolo la tiyi m'manja, phewa lakumanja litagwera pansi monga mwa masiku onse. Chiletsereni usodzi mumtsinje, boti lawo linaphwanyidwa ndi makina iwo akuona, ndipo anapatsidwa nyumba pansanjika yachisanu ndi chinayi, kumene ntchito yawo inali kukhala pakhonde n'kumatukwana nkhunda.

"Ababa, mwachedwa."

"Basi inachedwa. Muno mukununkha chipatala, Mzime. Anthu mumadyeramo bwanji?"

A Tu anawalandira ndi manja awiri, n'kuwakhazika pampando wapakati. Patebulo panali pepala lija, pambali pake kabokosi ka inki yofiira, chifukwa madalawo khomo la sukulu sanalione ndipo ankasainira ndi chala. Foni inali itaimikidwa pakamtengo kuti ijambule zonse.

"Agogo a Ran, lero ndi tsiku lanu," anatero a Tu. "Dziko lonse likudikira lilime lanu."

"Dziko lilibe zochita. Nsomba ili kuti?"

Bihua anawasendezera mbale. A Degui anawerama, n'kuyang'ana kumanzere, n'kuyang'ana kumanja.

"Mutu wake uloza ndani?"

"Ilibe mutu, Ababa. Ndinakuuzani."

"Nsomba yopanda mutu? Nanga wamkulu patebulo mumudziwa bwanji?"

A Tu anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu wamantha. Bihua sanaseke. Anakodola a Peng, ophika amene anabwerekedwa kuhotela yaikulu chifukwa cha tsiku limeneli, munthu wakumpoto kudziko la tirigu ndi fumbi, waukhondo, wa chipewa chachitali. A Peng anathira timafuta m'chiwaya, n'kuponyamo kajinja, n'kugoneka kanyamako mosamala. Kanalira kuti tsiii. Fungo linadzaza chipinda, ndipo Bihua anaona khosi la bambo ake likumeza. Zaka khumi ndi chimodzi zija zinali zitatsala ndi mphindi ziwiri.

Ndipomwe anaona supuni yaphwatalala ya a Peng ikulowa pansi pa nyamayo. Maso anaona, mutu unamva, koma pakamwa panachedwa. Gubudu! Nsomba inatembenuzidwa.

A Degui anaika timitengo todyera patebulo, mwakachetechete.

"Imeneyo sindidya."

"Agogo, chavuta n'chiyani?" anafunsa a Peng, supuni ili m'mwamba. "Yapsa bwinobwino, onani mtundu wake."

"Watembenuza nsomba pamaso pa munthu wa m'boti. Amako sanakuuze?"

"Kwathu kulibe maboti, agogo. Nanga mbali inayo ipsa bwanji?"

Abale inu, zinthu zina zimapweteka chifukwa ulibe woti um'lozere chala. Mwana aliyense wobadwira pamadzi amadziwa kuti nsomba sitembenuzidwa, m'chiwaya kapena m'mbale. Umaithira mafuta otentha pamwamba, ndipo podya ukatha mbali imodzi umanyamula fupa n'kupitiriza. Ukaitembenuza, watembenuza boti. Bihua anabadwira m'boti, anakwapulidwapo ndi chipande chifukwa cha zomwezi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. A Peng anawauza za mafuta, za moto, za masekondi, mpaka za mtundu wa mchere. Chimodzi chokhachi anaiwala, chifukwa m'mutu mwake kanyamako kanali maselo, sikanali nsomba.

"Ababa," anayamba modekha, mano atalumana, "iyi ilibe mimba, ilibe msana. Kumwamba kwake n'kuti? Kunsi kwake n'kuti? Palibe chatembenuzidwa apa."

"Ndiye si nsomba?"

"Ndi nsomba!"

"Ngati ndi nsomba, yatembenuzidwa. Ngati si nsomba, mwandiitanira chiyani?"

A Tu anathimitsa foni. "Agogo, zimenezo ndi zakale. Boti lake litinso? Mumtsinje mulibe asodzi masiku ano."

Madalawo anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi. "Bwana, akulu anga a Defu analandira mlendo wa m'tauni ngati inu m'boti mwawo. Mlendoyo anatembenuza nsomba akuseka. Sabata isanathe tinawavuula a Defu makilomita khumi kumunsi, nkhanu zitayamba kale ntchito. Inu mukuti zakale." Anatola botolo lawo la tiyi n'kutuluka, chitseko n'kuchisiya pululu.

A Peng anavula chipewa, akupepesa kosalekeza. A Tu anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

"Ina ingapezeke?"

"Miyezi isanu ndi inayi."

"Lachisanu ndi mkuja, Dokotala Ran."

Ngati kuti iye sadziwa kuwerenga masiku! Bihua anatenga kachitini kake konyamulira chakudya chamasana, n'kukhuthula mpunga wake m'bini, n'kulongamo kanyamako. Anapinda pepala lija, n'kuponya m'thumba limodzi ndi inki yofiira ndi timitengo tiwiri. Potsika masitepe ankayankhula yekha, ndipo mawu ake sanali oti mwana wamkazi anganene za bambo ake.

Sanavutike kuwafuna. Munthu wa m'boti akakwiya amapita kumadzi. Anawapeza pamasitepe a simenti otsikira kumtsinje, kuseri kwa msewu waukulu, dzuwa lili pamutu. Madzi ankayenda ali bii, zombo za mchenga zikudutsa chapatali.

"Ababa, mukufuna chiyani kwenikweni? Mundiuze lero. Dzino, tsiku la amayi, tsopano chiwaya. Mawa mudzati chiyani, mphepo yawomba molakwika?"

"Usandikalipire pagulu, Mzime."

"Gulu lake liti? Ndikalipa! Mwamuna anandithawa chifukwa cha nsomba yanuyi. Anzanga amene ndinaphunzira nawo ali ndi ana a kusekondale, ine ndili ndi thanki. Amayi akumwalira ndinafika mochedwa chifukwa maselo ankafa. Zonsezi kuti inu mudzalawenso kamodzi musanafe, kuti mudzati, 'Eya, ndi yomweyo.' Mawu atatu! Zaka makumi asanu mwabowa anthu ndi nkhani imeneyi, lero yafika pakamwa panu mukuchita manyazi ngati mkwatibwi?"

A Degui anatsegula botolo la tiyi, n'kulitsekanso osamwa.

"Mukuopa kuti sindinakhoze? Nenani. Ngati ndi yoipa mukanene kuti ndi yoipa, ndipirira. Koma mulawe!"

"Khala pansi."

"Sindikhala."

"Khala pansi, iwe mwana, khosi langa silitha kuyang'ana kumwamba."

Anakhala, chitini chili pamiyendo. Bambo ake anayang'ana madzi nthawi yaitali moti Bihua anafuna kuwagwedeza.

"Kukola tinaikola," anatero. "Pamenepo palibe bodza. Ine ndi a Defu, kumtunda uko, mwezi wa nkhungu. Inatikoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika apa. Poivuula tinalipo amuna asanu ndi mmodzi. Tisanapume n'komwe, anafika mlembi wa gulu la asodzi. Masiku amenewo chilichonse chotuluka m'madzi chinali cha gulu, sunkatsutsa. Anati nsomba yotereyi si ya anthu ngati ife, ipite kutauni kwa akuluakulu. Anatisenzetsa pansungwi mpaka kumsewu, makilomita awiri okwera phiri. Nsungwi inaterera kwa mnzanga, chinsomba chonse chinatsamira ine." Anagwira phewa lawo logwa lija. "Ili ukuliona si la kupalasa ayi."

Bihua anayang'ana phewalo.

"Lole inabwera, inanyamula, inapita. Ife anatipatsa paketi imodzi ya ndudu kuti tigawane, n'kutitchula maina pachimkuzamawu. Tsiku limenelo tinadya mpunga ndi masamba amchere."

"Nanga zosungunuka palilime zija?"

"Anandiuza dalaivala wa loleyo. Iyenso anauzidwa ndi wophika wa kutauniko."

"Ndiye simunadye."

"Ndinanyambita dzanja. Linkangomveka matope."

Bihua anaseka, kuseka koipa, kouma, mpaka mayi wina amene ankayendetsa galu wake anatembenuka. Koma zinazi! Zaka khumi ndi chimodzi akulondola kukoma kumene bambo ake anamva kwa dalaivala, dalaivala atamva kwa wophika, wophikayo mwinanso anangolawa msuzi ndi chala. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo iye anamangapo moyo wake wonse.

"Chifukwa chiyani, Ababa? Chifukwa chiyani?"

"Ndinkafunsira amako. Agogo ako anandifunsa pagulu kuti, 'Iwe ndi amene unakola njovu? Inkakoma bwanji?' Ndikanati chiyani? Kuti ndinathyoka phewa kunyamulira anthu ena ndiwo? Ndinanena kamodzi, anthu anaomba m'manja, anandipatsa mkazi. Ukwati wotsatira anandipempha kuti ndibwereze. Kenako ndinayamba kuimva m'kamwa zenizeni." Anapukuta mphuno ndi dzanja la jekete. "Ndinkati nsomba yatha, bodza langa lagona nayo. Ndikanadziwa bwanji kuti ndabereka mwana wofukula zakufa?"

"Munali ndi zaka khumi ndi chimodzi zoti mundiuze."

"Ndinkati ulephera."

Mawu amenewa ndiye anamulasa kuposa onse. Anayang'ana nkhalamba imene inkam'phikira msuzi akabwera atatopa, n'kumamufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, chikhalirecho mumtima ikupempherera kuti isayende.

"Ndiye za kutembenuza zija chinali chonamizira?"

"Zimenezo n'zoona. A Defu anafadi. Koma sindinama, mnyamata uja atatembenuza mtima wanga unapuma."

Chombo china chinaliza lipenga. Kenako a Degui anatambasula dzanja lamanja, chala chachikulu chili njo.

"Tulutsa pepala lako. Ndidinda."

"Mudinda chiyani?"

"Kuti ndi yomweyo. Ndanama zaka makumi asanu pofuna kuombedwa m'manja, ndilephera kunama kamodzi chifukwa cha mwana wanga? Bwana wako ayatsenso foni, nditsinzina, ndinena zosungunuka palilime, mwinanso ndigwetsa misozi. Ndimatha ine. Atsutsa ndani, Mzime? Amene anadya anafa. Wophika anafa. Nsomba inafa. Atsutsa ndani?"

Bihua anatulutsa pepala n'kulitambasula pabondo. Anatulutsa inki, n'kutsegula chivundikiro. Zinali zoona, panalibe wotsutsa. Chala chimodzi chofiira, mathanki apitiriza kulira, Lachisanu a Tu am'gwira chanza, ndipo chaka chamawa anthu olemera adzadya kanyamaka m'mahotela atatsinzina, akubwereza mawu a dalaivala wa lole. Ndipo iye adzakhala ataima pambali, akugwedeza mutu, akudziwa. Paphwando lililonse, pamsonkhano uliwonse, adzapemphedwa kuti abwereze. Anayang'ana phewa la bambo ake, n'kuyang'ana chala chawo chili m'mwamba. Anaona mmene munthu amakalambira akasenza chinthu chotere.

Anatseka chivundikiro kuti khwa.

"Mzime, zaka khumi ndi chimodzi."

"Ndikudziwa kuwerenga, Ababa."

"Akuthimitsira mathanki."

"Athimitse. Ndikapanga masoseji." Anayankhula mwaukali, misozi ikutsika, ndipo sanaipukute. Anatenga cholembera, ndipo pamzere wa mawu a mboni analemba kuti: Mboni inakola nsombayi, koma sinadyepo. Anasaina yekha m'munsi. Ndi mkwiyo, dzina lake linatuluka lokhota.

Atatero anatsegula chitini. Kanyamako kanali katazizira, mafuta atagwirana m'mbali, mbali zonse ziwiri zili zofiirira bwino. A Peng ntchito yawo ankaidziwa. Bihua anakadula pakati ndi timitengo, n'kupereka timitengoto kwa bambo ake.

"Idyani."

"Yatembenuzidwa."

"Boti lanu anaphwanya ndi makina inu mukuona. Latsala liti loti ligubuduke? Munathyokera phewa nsomba imeneyi. Idyani, musandipsetsenso mtima."

A Degui anaika timitengo pansi. Anatola gawo lawo ndi zala, n'kuliika pachikhatho, n'kulikweza pang'ono, kulitsitsa, kulikwezanso, monga amachitira msodzi pofuna kumva kulemera kwa nsomba.

"Imene ndinkaidziwa ine inali yolemera," anatero.

Anaponya m'kamwa. Sanatsinzine. Anatafuna pang'onopang'ono ndi mano awo ochepawo, maso ali kumadzi, ndipo anachedwa kumeza. Bihua anali atadziuza kuti safunsa. Anali atalemba kale, atasaina kale, funso linalibenso ntchito. Koma kamtsikana kaja kamene kankameza malovu m'boti kanali kasanafe, ndipo ndi iko kanatsegula pakamwa.

"Ababa, ndi yomweyo?"

Madalawo anatembenuka, misozi ikulowa m'makwinya.

"Mwana wanga, ndingadziwe bwanji?"

Bihua anatola gawo lake n'kudya. Linali lofewa, lamafuta pang'ono, mchere utachepa. Anakhala pamasitepe paja awiriwo akutafuna, mtsinje ukudutsa, ndipo kumtunda ndi kumunsi kwake konse kunalibenso munthu woti awauze chimene adya.